Manja a Kenani Pansi pa Mpeni

"Ababa, makina akasokonezeka mutu ali pa ntchito, amawaimitsa ndani?"

Tamando anafunsa funso limeneli ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atakhala pa chidebe n'kumaonerera bambo ake akuwotcherera tinthambo pa kabolodi kobiriwira. Lawford anayankha kuti amawaimitsa ndi galu. Mwanayo anasuzumira pansi pa tebulo, ndipo bambo akewo anayenera kufotokoza bwinobwino.

Anamuuza kuti m'kabolodi kalikonse koyendetsa makina muli kawotchi kamene amisiri amakatcha wotchidogi, koma iye ankangoti galu. Pulogalamu yoyendetsa makina imazungulira ntchito zake mosalekeza. Imaona mabatani, imaona ngati palibe dzanja pamalo oopsa, imalamula mota, ndipo ikamaliza zonsezi imakagunda kawotchi kaja kuti kayambirenso kuwerenga. Kumeneko ndiko kudyetsa galu. Pulogalamu ikaima penapake, galu amakhala wosadyetsedwa, nthawi ikatha amaluma. Amazimitsa zonse, buleki n'kugwira, bolodi n'kuyambira pachiyambi. Tamando anamvetsera mpaka pakati, kenako anathamangira anzake panja.

Panapita zaka zitatu, ndipo Lawford yemweyo ndi amene anamugoneka galuyo.

Ankakhala ku Falls, ndipo nyumba yake ndi ya Kenani zinalekanitsidwa ndi mpanda wa malata wofika m'chifuwa. Kenani anali atagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi kwa a Farhan, amene anali ndi malo osindikizira mabuku ndi makalendala kufupi ndi msewu wa Malangalanga. Ntchito yake inali yodula mapepala. Makina ake anali akale, achitsulo cholemera, okhala ndi mpeni wautali kuposa mkono wa munthu, wodula mulu wa mapepala mazana asanu ngati ukudula papaya. Bolodi ya makinawo itapsa, Kenani ndi amene anauza a Farhan kuti ali ndi mnansi wodziwa zimenezi. Lawford anapanga bolodi ina, nalemba pulogalamu yake.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Wodula amakanikiza mabatani awiri otalikirana, lina ndi dzanja lamanja lina ndi lamanzere. Mpeni umatsika kamodzi, umakwera, umaima. Kutsogolo kwake kumadutsa kakuwala kopyapyala, ndipo chilichonse chikadutsa pa kakuwalako mpeni ukutsika, buleki imagwira. Kenani sankadikira kuti mpeni uime. Ukamakwera, manja ake amakhala atalowa kale kukakoka mapepala odulidwa ndi kukankhira ena. Lawford anamudzudzulapo kamodzi, ndipo Kenani anangomuonetsa zala zake zonse khumi, nati awerenge.

Dandaulo linabwera pa mpanda, Lamulungu lina Kenani akupolisha nsapato.

"Aneba, galu wanu uja ngwamantha. Akuluma ndi mthunzi womwe."

Anafotokoza kuti magetsi akazima n'kuyatsa jenereta, ndiyeno Sulaiman, woyendetsa makina aakulu osindikizira, n'kuliza makina akewo, mababu amachita ngati akuphethira. Pomwepo makina odulira amazima okha n'kuyambiranso, miyezo yonse imene Kenani analowetsa n'kufufutika. Unali mwezi wa makalendala, ndipo ofesi ina ya ku Capital Hill inali itaitanitsa zikwi zingapo. A Farhan anali atayamba kunena mawu ang'onoang'ono, akuti paja mmisiriyu munabwera naye ndinu.

Lawford anali ndi ntchito zina zitatu sabata imeneyo. Lolemba anapita ndi laputopu pa nthawi ya nkhomaliro, nasuntha mzere umodzi. M'malo moti galu azidyetsedwa ndi pulogalamu ikamaliza kuzungulira, anamulumikiza ku kugunda kwa koloko ya bolodi, imene imagunda yokha kaya pulogalamu ili moyo kaya yaima. Anadziuza kuti abweranso kudzafufuza chenicheni chimene chinkachedwetsa pulogalamuyo. Makina analeka kuzima. Kenani anamupatsira pa mpanda jumbo ya mango ndi kalendala imodzi yatsopano.

Patapita masabata atatu, Lachisanu m'mawa, Lawford analandira foni kuchokera kwa mayi Sharda a ku Area 10, amene anawaikira bolodi ya geti yamagetsi masiku khumi m'mbuyomo. Anafika cha m'ma leveni koloko. Geti inali itachoka pa njanji yake, itapendekera, ndipo pakati pa getiyo ndi chipilala panali wilibala yopindika ngati chitini chopondedwa ndi lole.

Mayi Sharda anali amayi achikulire, olankhula Chichewa cha m'sitolo chimene anakulira nacho. Sanakalipe. Anati dzulo magetsi atazima anayatsa jenereta, anakanikiza limoti kuti geti itseke, osadziwa kuti omanga anasiya wilibala panjira. Masiku onse geti ikaona chinthu imaima. Dzulo sinaime. Inakankhabe, mota ikulira, kufikira iwo atathamanga kukazimitsa jenereta.

"Mdzukulu wanga amapalasa kanjinga kake pomwepa," anatero, akuloza ndi phazi.

Lawford anatsegula bokosi la bolodi, nalumikiza laputopu atakhala pa njerwa. Choyamba anaona chiwerengero cha kuluma kwa galu. Chinali ziro. Anafunsa ngati panali china chimene chinayaka pa nthawi imene geti inkayenda, ndipo mayiwo ataganiza pang'ono anati mwina pampu ya pa mjigo, chifukwa imayaka yokha thanki ikatsika. Lawford anatsatira pulogalamu mzere ndi mzere, monga anazolowera, osathamangira kuweruza mota kapena omanga aja. Anapeza malowo. Pulogalamu imafunsa kachipangizo kosunga miyezo, n'kudikira yankho. Mphamvu ya magetsi ikatsika mwadzidzidzi, kachipangizoko nthawi zambiri kamayankha mochedwa, koma nthawi zina sikayankha n'komwe, ndipo pulogalamu imangodikira mpaka kalekale, yosaonanso mabatani, yosaonanso kakuwala, mota itaisiya ikuyenda. Galu ndiye akanaluma. Koma galu anali wokhuta, akudyetsedwa ndi koloko.

Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali asanavomere kumene anautenga. Pulogalamu ya getiyi anaikopera kuchokera ku ya kwa a Farhan.

Mpeni wa makina aja ukasiyidwa ukuyenda, suima pamwamba. Umatsikanso.

Anayang'ana nthawi. Inali itadutsa hafu thwelofu. Anaimbira Kenani, foni inali yozimitsa, ndipo anakumbukira kuti kwa a Farhan mafoni a antchito amakhala m'dirowa kufikira nthawi yoweruka. Anaimbira a Farhan kanayi konse, foni inkangolira mpaka kuduka. Anaimbira Sulaiman, chimodzimodzi. Linali Lachisanu, onse awiri anali ku mzikiti. Zimenezi zinamupatsa kampweya pang'ono, chifukwa Sulaiman kulibe, makina aakulu amakhala chete, ndipo Kenani amadula yekha kuseri, chitseko cha kumaso atachitsitsa. Koma mapemphero amatha cha m'ma hafu wani, ndipo Sulaiman akangofika amapinda malaya n'kuliza makina ake.

Anazula nthambo za mota ya geti, nauza mayi Sharda kuti asalole munthu aliyense kuzibwezera. Mayiwo ataona nkhope yake anafunsa ngati kuli maliro. Iye anati ayi, koma afike msanga ku Old Town. Mayiwo anati akanamuperekeza, koma galimoto inali m'kati, kuseri kwa geti yopendekera ija.

Ku Area 10 kulibe minibasi yolowa m'misewu ya m'kati. Kuli mipanda yaitali, mitengo ya mthunzi ndi agalu enieni ouwa kuseri kwa mageti. Lawford anathamanga, chikwama cha laputopu chikumumenya m'chiuno, akudziuza kuti mwina ku Old Town magetsi alipo lero. Magetsi akakhalapo jenereta siyaka, mababu saphethira, palibe chimene chingachitike. Masabata atatu adutsa popanda kanthu. Anawerengera kuti pamafunika zinthu zitatu zikumane: jenereta, Sulaiman alize makina ake, mpeni ukhale uli m'njira. Kenako anawerengera kuti Kenani amadula kangati pa ola limodzi, ndipo analeka kuwerengera.

Pa msewu waukulu anapeza wa kabaza ya njinga yamoto akudya chimanga chootcha. Anakwera asanakambirane chilichonse.

"Malangalanga. Musaime paliponse."

"Bigi, kwafa munthu kodi?"

"Sindikudziwa."

Wa kabazayo anatembenuka kumuyang'ana, nataya chimanga chija.

Ku City Centre maloboti ankayaka, ndipo Lawford anawayang'ana ngati munthu woona m'bale wake. Anatsika msewu wa Kenyatta, mitengo ikuthawira m'mbuyo. M'maganizo mwake munkabwera manja a Kenani okha. Ankawaona akupolisha nsapato, akupatsira jumbo ya mango pa mpanda, chala chachikulu chakumanzere chili ndi chikhadabo chakuda chimene anachipana ndi chitseko kale. Ankaganiza za Eveless, mkazi wa Kenani, amene m'mawa womwewo anamupatsa moni akusesa pabwalo, ndiponso za mpanda uja, kuti ndi waufupi bwanji, woti munthu sungabisale kuseri kwake moyo wako wonse.

Atayandikira Old Town anamva phokosolo asanaone chilichonse. Majenereta ankalira pa makhonde a masitolo, aang'ono ndi aakulu. Maloboti anali akuda, wapolisi ataima pakati pa msewu akuongolera magalimoto ndi manja.

Pa mlatho panali mdipiti. Maminibasi, malole, anthu osenza katundu, zonse zinangoima. Ndipo kutsidya anaona zimene ankaopa: amuna ovala mikanjo yoyera ndi tizisoti akutsika kuchokera ku mzikiti, akugwirana chanza, ena akuvala nsapato akuyenda. Mapemphero anali atatha. Anatsika pa njinga, anafumbatitsa wa kabaza zimene zinali m'thumba, nayamba kuthamanga pakati pa anthu. Anagunda dengu la mayi wina wogulitsa tomato, mayiyo anamutukwana, iye sanacheuke.

Analowera kanjira ka kuseri. Jenereta ya a Farhan inkalira pambali pa khomo. M'kati anamva mpeni, kutsika kwake kolemera ndi kukwera kwake, ndiye kuti Kenani anali akadali pa ntchito. Atalowa anamuona chakumsana, manja akulowa pansi pa mpeni, akutuluka ndi mulu wa makalendala. Kumapeto kwa chipinda Sulaiman anali atakoleka kale mkanjo pa msomali, akupinda malaya, akuyenda kulunjika ku makina ake.

Lawford sanaitane munthu. Anafika pa khoma, nagwetsa swichi yaikulu ya makina odulira.

Kenani anatembenuka pang'onopang'ono, mapepala ali m'manja.

"Aneba, mwayamba kumwa masana?"

Lawford anawerama, manja pa maondo, akupuma ngati mvukuto. A Farhan analowa kuchokera kumaso, kachisoti kali kumutu, foni m'manja akuona kuti munthu anawaimbira kanayi. Anali bambo wofatsa, wa ndevu zoyamba imvi, ndipo anadikira kuti Lawford apeze mpweya.

Lawford anawauza zonse ataimirira pomwepo, osachepetsa. Ananena za mzere umene anasuntha, za geti ya ku Area 10, za wilibala. Anati cholakwacho ndi chake. A Farhan anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa modekha ngati geti ndi makina odulira si zinthu ziwiri zosiyana, popeza kuno masabata atatu adutsa bwinobwino, jenereta ikuyaka pafupifupi tsiku lililonse. Anati sakutsutsa, koma makalendala akufunika Lolemba, ndipo sangaimitse ntchito chifukwa cha wilibala ya kwa eni ake. Kenani anagwirizana nawo. Anati mnansi wakeyu amawerenga kwambiri, ndiye amaona mizukwa m'nthambo.

Lawford anapempha kuti ayese, nayatsanso swichi ija. Anatenga tsache la mpini wautali limene linali pakona. Anauza Kenani kuti aike mapepala otayika, akanikize mabatani, ndipo Sulaiman alize makina aakulu pa nthawi yomweyo. Koma Kenani akangosiya mabatani, manja abwerere m'mbuyo, asalowe. Anabwereza kawiri.

Anayesa koyamba. Mababu anaphethira, mpeni unatsika, unakwera, unaima. Anayesa kachiwiri, chimodzimodzi. Sulaiman ankazimitsa makina ake, kudikira kuti atonthole, n'kuwalizanso. Kachitatu Kenani anafunsa ngati tsachelo ndi lopirikitsira mizukwa ija. Kachinayi Sulaiman anati mota yake si ya masewera, ikapsa akalipira ndani. A Farhan anayang'ana wotchi. Lawford anaima pambali pa Kenani atagwira mpini ndi manja awiri, osadziwa chimene ankapempherera, kuti zichitike kapena zisachitike. Zikapanda kuchitika, iye atuluka ngati chitsiru, ndipo Kenani abwerera pa ntchito.

Kachisanu, palibe kanthu.

"Komaliza aka," anatero a Farhan.

Kenani anakanikiza mabatani akuyang'ana kwa Sulaiman, akumuuza kuti mawa abwere ndi sing'anga. Mababu anaphethira. Mpeni unatsika, unayamba kukwera, ndipo manja a Kenani anachita zimene anachita kwa zaka khumi ndi zinayi. Anasiya mabatani, nalowa okha. Lawford anaona kuti mpeni wafika pamwamba koma buleki sinamveke. Anamenya manja a Kenani ndi mpini wa tsache, mwamphamvu, kuwakankhira m'mbuyo, ndipo mpiniwo unatsala pamene panali manja.

Mpeni unatsika n'kuudula. Unakwera, unatsikanso, unadulanso kachidutswa kena. Mpini unali utapingasa kakuwala kaja, koma panalibe chimene chinkauona. Pa bolodi kanyale kobiriwira kankangothwanima ngati zonse zili bwino. Mpeni unatsika kachinayi Sulaiman asanafike pa khoma kukagwetsa swichi.

Jenereta yokha inkalira panja.

Kenani anabwerera chafutambuyo mpaka anakhala pa mulu wa mapepala. Anayang'ana manja ake. Pa dzanja lamanja panali mzere wofiira pamene mpini unamumenya. Kenako anawapisa m'khwapa, onse awiri, nakhala choncho.

A Farhan anatola kachidutswa ka mpini. Kanali kodulidwa mosalala ngati kopalidwa. Anakatembenuza kangapo, nakaika m'thumba la mkanjo. Anafunsa kuti kukonza kutenga nthawi yaitali bwanji.

"Kubwezera galu ndi ntchito ya mphindi imodzi, bwana," anatero Lawford. "Koma ntchito ya mphindi imodzi ndi imene yandifikitsa pano."

Anawauza kuti akufuna kufikira Lachiwiri. Galu abwerere pamalo pake, azidyetsedwa ndi pulogalamu yokha, ndiponso pokhapokha itaona mabatani ndi kakuwala. Pulogalamu isamadikirenso yankho kosatha. Miyezo izisungika kuti galu akaluma isafufutike, popeza dandaulo la Kenani linali loona. Ndipo aikemo kaswichi kena kosadalira pulogalamu iliyonse, koimitsa mpeni pamwamba ukatsika kamodzi. Zonsezi aziyese pa jenereta, Sulaiman akuliza makina ake, osati kasanu ndi kamodzi koma kambirimbiri.

A Farhan anavomera. Anati aimbira a ku Capital Hill, ndipo anauza Kenani kuti lero aweruke. Koma potuluka Lawford anawaona ataima pa milu ya makalendala osadula, yofika m'chiuno, akuisisita pamwamba ndi chikhatho.

Lawford ndi Kenani anayenda wapansi kubwerera ku Falls, dzuwa likadali pamutu, akudutsa pakati pa ogulitsa zovala za kaunjika ndi zitsulo za njinga. Kenani ankayenda manja ali m'matumba. Wina atamupatsa moni ndi kumutambasulira dzanja, iye anangogwedeza mutu.

Ali pafupi ndi kwawo Kenani anati paja ndi iye amene anadandaula za galuyo. Lawford anati kudandaula si mlandu, wodziwa chimene galu amalondera anali iye. Kenani anayenda pang'ono, nati dzanja likumupweteka, ndipo Eveless afunsa kuti wamenyedwa ndi ndani.

Anafika pa mpanda, aliyense mbali yake. Lawford sanalowe m'nyumba. Ananena chimene chinkamuvutitsa njira yonse. Mawa ndi Loweruka, magetsi akhoza kukhalapo tsiku lonse. A Farhan ndi munthu wabwino, koma ayang'ana milu ija, ayang'ana mababu akuyaka bwinobwino, ndipo anena kuti jenereta ndi yozima, tidule ochepa chabe, mosamala. Ndipo Kenani, amene sanawakanirepo kanthu zaka khumi ndi zinayi, adzavutika kukana.

Kenani anatulutsa dzanja limodzi m'thumba, naligoneka pamwamba pa lata.

"Bambo a Tamando, sindiyatsa. Ngakhale anene kuti pepala limodzi lokha, sindiyatsa kufikira inu mutabwera n'kunena kuti yatsani."

"Ndipo tsiku loyatsalo," anatero Lawford, "inu mudzaima kumbuyo. Mulu woyamba ndidzalowetsa ndi kutulutsa ndi manja anga."